Dzanja la mu Kanema

"Mwana uyu wakankha loboti ndi phazi," anatero woweruza mpikisano wa timaloboti toyenda topangidwa ndi ana asukulu. "Achoke."

Tinali mu holo ku Kawale. Kaloboti ka mdzukulu wanga Pemphani kanali kataima kutsidya kwa mzere womalizira. Mwana akangotchedwa wachinyengo, dzinalo silichoka, ndikuuzani ine.

"Tibweze kanema," anatero aphunzitsi ake, a Jeremiah, akukweza foni.

"Ayi!" ndinakuwa. "Zinthu zimenezi zimanamizira anthu!"

Woweruza anayang'anabe. Chithunzi chinkagwedera, mutu wa munthu wina utatchinga theka. Anabweza, nabwezanso. Kenako anaseka.

"Phazi lili kutali. Koma dzanja likukoka diresili ndi la ndani?"

Ndinasuzumira. Linali langa, ndi chibangili changa chomwe. Kanthu kaja katayamba kuthwanima, ndinamukokera mwana kumbuyo kuopa kuti magetsi angamugwire, iye n'kudzandira.

"Wapambana," anatero woweruza.

Ndinangokhala pasimenti pomwepo.

"Agogo, ndi mabatire a tochi chabe," anatero Pemphani, akupukuta misozi.

"Ngakhale a tochi. Ima kutali."