Nkhumba ya Chowinda

"Pepani mama, madiripu atha," anatero namwino. "Ambulansi nayo yatitimira m'matope."

Nelly anafinya dzanja lotentha la mwana wake Watipaso. Theka la kwaya ya ku Nchenachena linali litagona pakhonde la chipatalacho, onse akusanza ndi kutsegula m'mimba. Namwinoyo anati zikuoneka ngati salimonela, tizilombo tobwera ndi nyama.

Nyamayo Nelly ankaidziwa. Chaka chatha, Watipaso atatsala pang'ono kufa ndi malungo, iye anawinda monga Hana wa m'Baibulo: "Ambuye, mukandisiyira mwanayu, nkhumba yanga ndi ya mpingo." Nkhumbayo itayamba kudwala, mwamuna wake anati, "Tiiphe msanga, chowinda chingatifere m'khola." Anaipha Lachisanu, mpingo nkudya Lamulungu.

Nelly anayesa kuyimba nyimbo yachitonthozo. Milomo ya mwanayo inali itauma gwa.

Namwino anamuyang'anitsitsa Nelly. "Koma inu nokha muli bwinobwino, NyaMhango. Mulungu wakukondani chomene. Kodi simunadyeko?"

Nelly anapukusa mutu, misozi ili chuchuchu.

"Gawo langa ndinamuonjezera mwanayu. Ndimati anenepeko."