Mapu a kwawo kwa Mizuki

Amayi anaitsegula kalata yanga n'kuipopera sanitaiza ine ndisanaigwire n'komwe.

"Amayi, musatero!"

"Iwe Edda, chochokera kunja chilichonse timapopera. Ukufuna ndikapatsire matenda odwala anga kuchipatala ku Joondalup?"

M'kalatamo munali mapu amene mnzanga Mizuki anandijambulira pamanja. Ndi katawuni kawo ka ku Japan, komwe anthu amangogonako, kukacha onse n'kukwera sitima kupita kuntchito ku Osaka. Anajambula mtsinje, siteshoni, ndi pamene panali minda ya mpunga ya agogo ake asanamangepo nyumba zosanja. Pakhomo pawo anaikapo kadontho kofiira, kuti mliri ukadzatha, ndege n'kuyambanso kuuluka, ndidzafikire pomwepo.

Inki inayamba kuyenderera. Mtsinje unasefukira n'kumiza siteshoni ndi minda yomwe.

"Si pepala chabe ili? Umuuze ajambule lina," anatero Amayi.

Chabe! Ine sindiyankha akuluakulu, choncho ndinangotenga pepalalo n'kuliyala patebulo.

Foni yanga inalira. Anali Mizuki: "Yafika? Wapapeza pakhomo pathu?"

Ndinafunafuna papepala lonyowalo, osapapeza. Kadontho kofiira kaja kanali pachala cha Amayi, ndipo anali kukapukutira pa yunifolomu.