Mathero Amene Wickson Anakana

"Cut!" Wickson anakuwa, natsitsa foni. "Zopusazi analemba ndani?"

Ankadziwa bwino kuti ndi Cassim, mlonda mnzake wogona naye chipinda chimodzi ku Najma, m'dziko la Aluya komwe anapita kukagwira ntchito. Linali Lachisanu, tsiku la off, ndipo ankajambula gawo lomaliza la filimu yawo m'chipinda momwemo. Nkhani yake inali ya mnyamata amene watulukira kuti mnzake wapamtima wapereka mimba kwa mlongo wake. Lazarous, dalaivala wa ku Chipata, ndiye ankasewera ngati mnyamatayo. Mtsikanayo anali Olipa, mlongo wake weniweni wa Wickson, wogwira ntchito pahotela.

Pamathero, Cassim analemba kuti mnyamatayo akhululuke n'kumulandira mnzakeyo ngati mlamu. Wickson anatsonya. Alembi ankawaona ngati anthu amantha, obisala kuseri kwa pepala, oti sangakuuze ngakhale koloza kamera.

"Mathero okhawo musasinthe, achimwene," Cassim anachonderera. "Kwina konse dulani."

"Wolemba ndi telala, ase. Ukasoka malaya, sulondola mwini wake kuti ukamuuze kovalira. Director ndine. Khalas, nkhani yatha!"

"Komatu munthu amatha kukhululuka."

"Munthu wake uti? Wodya naye mbale imodzi akuchite chipongwe chotere, iwe n'kumamwetulira? Ine ndingamuthyole nsagwada, kenako ndikamusiye ndekha pa airport."

Cassim anatuluka thukuta ngakhale AC inali ikulira. Wickson anamuyang'ana monyansidwa. Mwamuna wamkulu kunjenjemera chifukwa cha timizere ta m'sewero! Anamulanda script ija, naiponya pansi pa bedi.

Anayamba kulamula. Lazarous aswe kapu, amenye chitseko ndi chibakera, alumbire kuti akamupeza mnzakeyo amupha. Olipa agwade, alire. Olipa analiradi, mpaka Wickson anavomereza ndi mutu. Izi ndiye zinali filimu.

Atabwereza kuonera pafoni, anakwinya nkhope.

"Olipa, wawonjeza. M'nkhanimu mimba ikadali yaing'ono. Chotsa pilo wakulunga pamimbayo tiyambirenso. Yalla, fulumira!"

Olipa anakhalabe chogwada, napukuta misozi ndi mpango.

"Palibe pilo, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Timafuna timve kaye kuti mudzatani."

Wickson anacheuka. Cassim anali ataima kale pakhomo, nsapato zili m'manja.