Lovemore Anakwecha Golide ndi Phulusa

Panali munthu wina pa Mtakataka, dzina lake Lovemore, wokonza ndi kugulitsa njinga zakale m'mbali mwa msewu wa tala. Nkhaniyi anandiuza ndi mlamu wake, ndiye musati ndapeka.

Mkuluyu anali katswiri pa kuwalitsa zinthu. Njinga yadzimbiri akaigwira ndi phulusa, ndimu ndi sitiluwulu, inkatuluka ikung'anima mpaka mwini wake wakale osaizindikira. Mawu ake a tsiku ndi tsiku anali akuti, "Chosawala sichigulika." Pa njinga ankanenadi zoona.

Mwana wake Tiwonge anasankhidwa kukaphunzira unamwino kwa zaka zitatu. Chimwemwe chinalipo, koma fizi ya zaka zitatu sungaipeze pomata machubu. Apa Lovemore anakumbuka kabokosi ka m'sutikesi kamene anasiya malemu bambo ake, omwe ankaphikira bwana wina ku Joni. M'kabokosimo munali ndalama yaing'ono ya golide yokhala ndi chithunzi cha mbawala, yotsekeredwa m'kapulasitiki koonekera mkati.

Tiwonge anaijambula pafoni n'kutumiza pagulu la anthu osonkhanitsa ndalama zakale. Tsiku lomwelo Lovemore analandira foni kuchokera kwa a Gabriel, mkulu wina wa ku Salima amene anapuma pantchito ya banki.

"Bambo, kodi mukuchidziwa chimene muli nachochi?" anafunsa a Gabriel. "Iyi si ndalama yogulira mchere. Zoterezi amazipanga zochepa kwambiri, imodziimodzi, ndi zidindo zosalazidwa mwapadera, ndipo wozipangayo amavala magulovu. Chipangireni palibe chala chinaikhudza. Ine ndakhala ndikufunafuna ya chaka chimenechi kuyambira ndisanamere imvi."

Mtengo umene anatchula unali wokwana fizi ya zaka zonse zitatu.

"Ndibwera Loweruka," anatero a Gabriel. "Koma chonde, musaitsegule, musaigwire, musaipukute. Muisiye mmene ililimo."

"Ndamva, bwana," anayankha Lovemore.

Anamva chiyani! Loweruka m'mawa anatulutsa kabokosi kaja panja n'kuyang'ana bwinobwino padzuwa. Anaona kuti m'mbali mwa ndalamayo mukuwala ngati galasi, koma mbawalayo ndi zilembo zake n'zotuwa, ngati zagwa nkhungu. Mtima wa wogulitsa njinga unamuwawa.

"Mayi a Tiwonge, taonani apa," anauza mkazi wake Eneles. "Chinthuchi chachita litsiro. Munthu akachiona chonchi atsitsa mtengo."

"Bambo a Tiwonge, si anakuuzani kuti musaikhudze?"

"Ogula onse amatero. Akufuna aipeze yakuda kuti anenerere. Ine malonda ndinayamba inu musanandidziwe."

"Ndiye aimbireni muwafunse. Mayunitsi ndili nawo."

"Ndifunse wogula mmene ndingagulitsire katundu wanga? Pitani mukasese, kukubwera alendo."

Anatenga sikuludilaiva n'kukanula kapulasitiki kaja. Anapala phulusa pamoto, kufinyira ndimu, n'kuyamba kukwecha ndi chala chachikulu. Kutuwa kuja kunkakana, ndiye anatenga sitiluwulu. Golide ndi wofewa, sanachedwe kugonja. Posakhalitsa ndalama yonse inali mbee, mbawala ndi m'mbali momwe, ndipo Lovemore anaibwezera m'kabokosi akuimba mluzu.

A Gabriel anatsika minibasi cha m'ma leveni. Anakana tiyi, anati ayambe aona kaye. Anayala kansalu patebulo, kuvala magulovu oyera, kutulutsa kagalasi kokulitsira zinthu, n'kutsegula kabokosi pang'onopang'ono monga munthu wovundukula khanda. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula magulovu aja n'kuitola ndalamayo ndi dzanja lake.

"Mwaitani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndangoichotsa litsiro, bwana. Inatuwa."

"Kutuwa kumeneko ndiye kunali ndalamayo, bambo. Anachita kukupanga dala kuti mbawala izioneka ngati yaima pamadzi. Inapulumuka ulendo wochokera ku Joni, inapulumuka chinyontho cha m'sutikesi zaka zonsezi, inu mwaipha lero m'mawa."

Mkuluyo misozi inalengeza, ndipo sankalirira ndalama zake, chifukwa zinali zikadali m'thumba mwake.

"Ndiye mupereka zingati?" anafunsa Lovemore.

"Ine sindigula zitsulo. Pitani nayo kwa ogula golide akaiike pasikelo. Akupatsani za kulemera kwake basi, ndipo n'kakang'ono."

Tiwonge anali ataima pakhomo, akumva zonse. Anafunsa kuti, "Ababa, ndiye kusukulu ndipita?" Lovemore anangoyang'ana zala zake, phulusa likadali m'zikhadabo.

Za pasikelo zija zinakwana teremu imodzi yokha. Tiwonge anapita, anakhoza bwino, koma fizi itasowa anabwerera kumudzi. Pano akuwokera mpunga m'minda ya eni ku Bwanje, ndipo anzake kumeneko amamuitana moseka kuti "anesi." Iye amayankha, chifukwa ndi mwana waulemu. Koma tsiku lina bambo ake anamva dzinalo akudutsa pamsewu, anatsika panjinga n'kukhala pansi m'mbali mwa ngalande, kulira ngati mwana.

Phunziro: Kudziwa ntchito yako sikutanthauza kuti ukudziwa ya mnzako. Wodziwa chinthu akakuuza kuti usachikhudze, ika manja kumbuyo, ndipo ngati ukukayika funsa, pakamwa sipalipira msonkho. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma choipa n'chakuti nthawi zina nkhwangwayo imagwera mwana wosalakwa. Tumizirani abale anu nkhaniyi, makamaka amene ali ndi zinthu zakale za makolo m'masutikesi, asanazitengere kuphulusa.