Kusudzula Lawson

Lawson anali atafika pa nkhani ya belu pamene a Enock anatsonya.

Aliyense m'mudzi muja, kufupi ndi Lifuwu, ankadziwa mmene nkhaniyo imayendera. Inkayambira pa mlatho wamiyala wa ku Halbeki, tauni ya kwawo ku Mangalande. Kenako msika wa nkhosa wa Lachinayi, kenako mayi wina wophika buledi, pomaliza belu la tchalitchi lomwe ati linkamveka mpaka kuseri kwa mapiri. Ndi ana omwe ankaidziwa pamtima. Lero anali atayiyambanso pansi pa mtengo wa mango, pamaso pa abale a malemu mkazi wake, ngati kuti anthuwo asonkhanira zimenezo.

Mzungu ameneyu anabwera ndi njanji, ntchito yake kumanga mabawuti. Njanji itafika ku Salima anzake anabwerera kwawo, iye anatsalira. Anakwatira Salome, mlongo wawo wa a Enock, n'kumanga nyumba pamudzi wa mkazi ngati mkamwini wina aliyense. Kungoti mkamwini wina aliyense amalima. Lawson akalowa m'munda wa mpunga, ndi khasu lomwe linkachita manyazi. Ankangomata machubu a njinga ndi kukonza mapulaimasi, buluku lili zigamba zokhazokha. Azungu anzake a kuhotela sankamuyitana ndi pa tiyi pomwe.

Poyamba anali munthu wachete. Pakamwa panatseguka chaka chomwe mwana wake anabadwa, ndipo sipanatsekekenso. Umupatse chambo, akuuza za nsomba za mumtsinje wa ku Halbeki. Dzuwa liswe mtengo, akuuza za chisanu cha ku Halbeki, ngati kuzizidwa ndi chinthu chonyadira. Ati kumeneko kunali munthu wamkulu ndi ndevu zake, ntchito yake kungoyatsa nyale za mumsewu ndi ndodo yayitali. Ati Lamulungu a kufakitale ya ubweya ankaliza malipenga atavala majekete a mabatani owala. Anthu ankafunsana kuti nanga munthu wa kwawo kokoma chonchi akufunanji kuno kwa udzudzu. Yankho ankalidziwa okha. Anachoka kwawo ndi suti, akanabwerera bwanji ndi zigamba?

Salome yekha ndiye sankaseka. Nkhaniyo ikayamba ankasiya musi, n'kukakhala pansi pambali pa mwamuna wake, atatambalala, ali duu mpaka ithe. Akazi anzake ankati mzunguyo anamudyetsa mankhwala.

Tsopano mu 1953 Salome anali atagona kumanda, anthu anali atameta, ndipo chotsala chinali chimodzi. Mkamwini akaferedwa, akuchikazi amasankha. Atha kumusunga pamudzi, kapena kumusudzula, ndiko kumumasula kuti azipita kwawo, ana n'kutsala ndi amalume awo. Mawu osudzula akangotuluka sabwezedwa. A Enock, eni mbumba, anali atagamula kale, mlongo wawo asanaikidwe n'komwe. Mkamwini wolimbikira anthu amamukakamira. Uyu akanamukakamirira chiyani?

Dailes, mwana mmodzi yekha wa Lawson, namwali ndithu, anasendera n'kugwada chapatali.

"Amalume, ndinene nawo mawu amodzi."

"Pano pakuyankhula akuluakulu," anatero a Enock osamuyang'ana. Anatembenukira kwa mzunguyo. "Alamu, beluyo mumusiye kaye apume. Ife takhala nanu bwino, ndipo musati tikukuthamangitsani. Tikukuchitirani chifundo. Zaka zonsezi mtima wanu uli ku Halbeki, ife timangodyetsa thupi. Lero takumasulani. Nyumba ndi mwana zitsala kuno. Inu kazipitani kwanu."

Amayi ena anabisa kuseka m'nsalu. Wina ananong'ona kuti makutu apumako tsopano, ndipo sananong'one motsitsa kwenikweni.

Lawson mwambo ankaudziwa. Anaomba m'manja mwaulemu, n'kuyang'ana mwana wake kanthawi. Sanapemphe, sanadandaule. Anthu anagwedezerana mitu kuti mwaona, amangodikira zomwezi, mkazi afe kuti iye athawe. Ena zinawapsetsa mtima kwambiri. Munthu wadya mpunga wa pamudzi zaka zonsezi, osagwetsa ndi msozi umodzi womwe pochoka.

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi bokosi la masipanala ndi bulangete limodzi. Katundu yense wa munthu wa ku tauni ya malipenga anali ameneyo. A Enock anamupatsa nkhuku yomanga miyendo kuti ikhale kamba wa paulendo, anthu asadzanene kuti a pamudzi pano ndi ouma mtima. Koma lilime linkawayabwabe.

"Ndiye mukafika mukayambira pati, alamu? Pa buledi kapena pa msika wa nkhosa?"

Lawson anakoleka bokosi paphewa.

"Ndikayambira pobwereka bwato," anayankha m'Chichewa chake chokhotakhota.

Anthu anaseka chikhakhali. Misala ya mzunguyo inali yosatha ndithu. Iye anangolowa njira ya kumsewu wa ku Salima, nkhuku ili m'khwapa. Dailes anaimirira, chinthu chomwe mwana sachita pamaso pa eni mbumba, ndipo kuseka kunayamba kuzilala.

"Ku Halbeki kulibe, amalume. Chaka chomwe ndinabadwa anatseka chigwa chonse ndi damu kuti a mumzinda azimwa madzi. Nyumba zonse zili pansi pa madzi, ndi manda a agogo anga omwe. Mwawasudzula kuti apite kuti?"