Wogwidwa Adali Fletcher Yekha

"Imirira, galu iwe!" adakuwa mlonda, chibonga chikutera paphewa la Fletcher Nakhumwa.

"Bwana, sindingathe. Miyendoyi idafa ndi poliyo ndili mwana."

"Kugenda umatha, kuimirira ayi?"

Adamukoka panjinga yake ya olumala n'kumugwetsera pansi, kenako adamuponda kumaso ndi jombo. Mano awiri adagwera pasimenti, magazi ali chuchuchu.

Chiyambireni maphunziro pakoleji ina ya ku Zingwangwa, anzake ankamunyamula pamasitepe kupita naye m'kalasi ya m'mwamba, chifukwa akuluakulu adakana kutsitsira kalasiyo pansi. M'mawa umenewo Kumbusko, mtsogoleri wa ophunzira, adati zakwana.

"Ino ndi nthawi ya matipate, amwene! Lero tikumenyera nkhondo iweyo. Ukhale kutsogolo, akuone!"

Ophunzirawo adamukweza mpaka pakhomo la ofesi ya mkulu wa koleji, m'mwamba momwemo, n'kuyamba kuswa mawindo. Alonda aganyu atangofika ndi agalu, onse adatsika masitepe liwiro la mtondo wadooka, Kumbusko patsogolo. Fletcher adatsala yekha, njinga itaima pamlomo pa masitepe.

Popeza wogwidwa adali iye yekha, koleji idati ndiye adayambitsa zipolowe, ndipo idamuchotsa sukulu akadali m'chipatala.

Fletcher atatuluka m'chipatalamo, Kumbusko adakamupeza kwawo ku Chilomoni, mayi ake akumumwetsa phala lamadzimadzi, nsagwada zili zomanga ndi waya.

"Tapambana, amwene!" adatero Kumbusko akumwetulira. "Aopa. Kalasi ija aitsitsira pansi."