Kandege ka m'Galaja

Mlonda wa pakhomo la chipatala anatambasulanso mkono, kachitatu tsopano. Felesta anamuonetsa umboni wa katemera, khadi la kuntchito, chilichonse chimene dzanja linakhudza m'chikwama. Mlondayo anangomuloza mzere wachikasu pansi kuti aime pamenepo, adikire namwino. Mliri unali utakolera mumzinda wa Perth, kutsidya la nyanja, ndipo wodwala aliyense ankaloledwa womuzonda mmodzi yekha.

Panali patatha ola chiimbireni Chilekwa, mnzawo wa amuna ake wochokera ku Zambia. Foniyo inamupeza akudyetsa nkhalamba kunyumba yosamalira okalamba ku Fremantle, kumene ankagwira ntchito.

"Mulamu, kandeke kagwa. Bwelani ku chipatala manje manje."

Felesta anangofunsa dzina la chipatalacho n'kudula. Zinazo ankazidziwa kale.

Kandegeko kanayamba n'kumulanda galaja, kenako kanamulanda mwamuna. Amuna akewo, a Rodwell Kaliwo, ankakonza makina kufakitale ina ku Kwinana. Malire atatsekedwa, ulendo wa kumudzi utalephereka, anayamba kuitanitsa zitsulo ndi mawaya. Chaka ndi theka akuwotcherera, akumanga, akumasula. Chimene chinatuluka chinali mpando umodzi wopanda denga, injini kumbuyo, ndi mapiko awiri aatali ozungulira pamwamba ngati a helikopita. Eni ake ankati ndi jairokopita. Felesta ankati ndi bokosi la maliro losowa chivundikiro.

M'mawa wa tsikulo anakangana. A Rodwell ankakoloweka ngolo ya kandegeko kugalimoto, ulendo wa kubwalo lina la fumbi kunja kwa mzinda, kukakayesa m'mwamba koyamba. Felesta anawauza kuti akagwa asamuyembekezere kuchipatala, akamusake wina wowalirira. Anatseka chitseko osatsanzika.

Anaimba foni ya amuna ake. Inali yothima. Anaimbira mwana wawo mmodzi yekhayo, Tithokoze, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri amene ankaperekera zakudya mulesitilanti ina ku Northbridge. Inalira mpaka kuduka yokha. Nthawi ya nkhomaliro mafoni amatsala m'makabati. Anamusiyira uthenga woti bambo ake agwa, asiye zonse abwere.

Dzuwa linkawotcha simenti. Masiki inanyowa ndi thukuta ndi misozi, ikumata pakamwa. Akamwalira adzawaika kuti? Ndege zopita kumudzi zinali zosowa. Kodi munthu wa ku Ntcheu, amene makolo ake onse awiri anagona kale pamanda amodzi pansi pa mitengo ya masuku, angakwiriridwe mumchenga wa eni, olira ake khumi okha, atatalikirana? Anayesa kupemphera koma pakamwa pankangotuluka mawu amodzi: musawatenge tisanagwirizane.

Namwino anatuluka, nkhope ili kuseri kwa pulasitiki. Felesta anatchula dzina la Kaliwo. Mayiyo anayendetsa chala pakompyuta yake ya m'manja, n'kunena mofatsa kuti wodwalayo ali kuchipinda cha opaleshoni. Miyendo yonse yathyoka, msana wavulala, koma akupuma. Kulowa ndiye ayi. Malo a wozonda anali atatengedwa kale.

Felesta anagwada pasimenti yotenthayo. Anachonderera m'Chingelezi, Chingelezicho chinamuthera, anapitiriza m'Chichewa. Anapempha mphindi imodzi yokha, ngakhale kungosuzumira pagalasi. Anthu a pamzere anayang'ana kumbali. Chilekwa si m'bale, anatero atabwerera ku Chingelezi, amutulutse Chilekwayo, alowe mwini wake wa wodwala.

Namwino anayang'ananso pakompyuta. Amene ali mkati si Chilekwa, anayankha. Ndi bambo ake a wodwalayo, ndipo wapita kale munthu kukawaitana.

Felesta anatsegula pakamwa kuti anene kuti apongozi ake anamwalira zaka zisanu zapitazo. Asanalankhule, chitseko chagalasi chinatseguka. A Rodwell anatuluka akuyenda ndi miyendo yawo, opanda bala, magazi ali pamalaya pokha.

"Mayi a Tithokoze," anatero, maso ali pansi, "mwana wathu wakhala akuphunzira kuulutsa kandegeko mobisa. Anandichonderera kuti ayambe ndi iyeyo. Ine ndinamulola."